Dziko Lopanda Njira Yakuseri

Uthenga wondiitana ku maphunziro unabwera anthu atatha kukolola, chaka chotsatira imfa ya mkazi wanga. Ndimaphunzitsa sayansi pa sukulu ina ya sekondale kuno ku Chipata, ndipo ndinali mmodzi wa aphunzitsi amene anasankhidwa kukaphunzira kwa temu imodzi m'dziko lina laling'ono lachilumba, pakati pa nyanja yamchere. Pa mapu a m'kalasi mwanga dzikolo ndi kadontho chabe. Nditaliloza, mtsikana wina wa kumbuyo anati iye masiku onse ankayesa kachitosi ka nalimata.

Anandilola kupita ndi mwana, bola ulendo wake ndilipire ndekha. Mwana wanga wamkazi anali ndi zaka zisanu. Zomusiya sindinaziganizire n'komwe.

Anthu a pachilumbapo salandira mlendo mwachisawawa. Pasipoti yako ikhale yoti siikutha msanga. Ukhale ndi khadi lachikasu la katemera. Unene nyumba imene ukagone, ndipo mwini nyumbayo avomere kuti akukuyembekezera. Uonetse kuti uli ndi chodyera, uonetsenso tikiti yobwerera kwanu. Mbewu, zipatso ndi nyama usanyamule. Zonsezi umazitumiza pa intaneti usanakwere ndege, kenako n'kudikira kuti akuyankhe. Mwana woyenda ndi kholo limodzi amafunika kalata ya kholo linalo yovomereza ulendowo, ndipo ngati khololo linamwalira, chikalata chotsimikiza imfayo. Chikalata chimenecho ndinali nacho, pansi pa sutikesi. Ndinachitulutsa, ndinakachijambulitsa pa kashopu kena ku Kapata komwe tikukhala, n'kuchibwezera pamalo pake.

Chimene chinativuta kwambiri chinali chithunzi cha pasipoti ya mwanayo. Wojambula anamuuza kuti asaseke. Mwana wanga sanamvepo lamulo loseketsa ngati limenelo. Ankatseka pakamwa ndi manja onse awiri, wojambula n'kuti manja achoke; manja akachoka, mano onse panja. Wojambulayo anayesa kumuopseza ndi nkhope, koma anayamba kuseka ndi iyeyo. Chithunzi chimene chili m'pasipotimo ndi cha mwana wotupa masaya ngati wabisa zitumbuwa ziwiri m'kamwa.

Mapepala onse atakwana, panatsala chilolezo chimodzi chimene a pachilumba sanachitchule. Ine ndine Mngoni wa kufupi ndi Mtenguleni, ndipo kwathu mwana ndi wa bambo. Mkazi wanga anali Mchewa wa kufupi ndi Tamanda, kumene mwana ndi wa kuchikazi, ndipo mwini mbumba ndi mlongo wa mayi wake. Mkazi wanga ali moyo, nkhani imeneyi inali yosekera. Ankati mwanayo akalakwa ndi Mngoni, akakhoza ndi Mchewa. Maliro atatha, abale ake analola kuti mwana akhale ndi ine m'tauni chifukwa cha sukulu, koma nkhaniyo inangofunditsidwa, sinathe. Ndinkadziwa kuti akandikaniza kupita naye, adzati ndimusiye kwa ambuye ake, apongozi anga, kwa temu imodziyo. Ndinkadziwanso kuti mwana akazolowera mphasa ya ambuye ake, kumuchotsapo ndi mlandu wina, ndipo mlandu umenewo mkamwini sawina.

Tinapita kwawo kwa malemu Loweruka lina m'mawa. Mlamu wanga, mchimwene wake wa malemu, anatichingamira pamsewu ndi njinga yake yamoto. Ndi munthu wamkulu thupi, wamawu omveka kutsidya la dambo, ndipo amachita malonda a zitenje ndi sopo mbali zonse ziwiri za malire. Munda wawo weniweniwo uli pamalire: chimanga amabzala ku Zambia, maungu ake n'kukayanga ku Malawi.

Tinakhala pamipando pakhonde, ine ndi mlamu wangayo. Mng'ono wake wa mkazi wanga, amene ndi namwino, anakhala pachitsa chapafupi. Apongozi anga anayala mphasa cha kunkhokwe, atapereka mbali, n'kumaswa mtedza m'lichero. Ine ndi iwo sitiyang'anana kumaso ndipo sitiyankhulana mwachindunji. Ndi ulemu wa kumeneko, ndipo ngakhale anaphunzitsapo sukulu ya mishoni zaka zambiri, pa chimenechi sanasinthe. Mwana anathamangira kwa iwo n'kuyamba kudya mtedza wambiri kuposa umene ankaswa.

Ndinafotokoza za maphunzirowo, kenako ndinayamba kutchula zimene a pachilumba amafuna.

"Alamu, za maboda musandiphunzitse ine," anatero mlamu wanga. "Ine boda ndimaidutsa popita kukasamba. Chitsime chathu chenichenicho chili ku Malawi."

"Boda iyi ndi ina, alamu. Ngakhale mwanayu ali ndi pasipoti yakeyake."

"Kamwana aka? Kaba chiyani?"

Ndinamuonetsa pasipotiyo. Anayang'ana chithunzi, n'kuyang'ana mwana, n'kuyang'ananso chithunzi.

"Munamumenya?"

"Anamuletsa kuseka."

"Dziko loletsa ana kuseka. Chabwino. Pitirizani."

Nditatchula khadi la katemera, anati ndiye kuti tikuyenda ngati ng'ombe zopita kumsika. Nditatchula zoti mwini nyumba ayenera kuvomera kuti akutiyembekezera, anagwedeza mutu mokhutira, nati chimenecho chokha ndiye chaumunthu. Koma nditanena kuti mbewu ndi nyama n'zoletsedwa, anawomba m'manja kamodzi.

"Ndiye mukafika kwa eni ake chimanjamanja? Ngakhale nkhuku imodzi?"

"Ngakhale nthenga yake."

"Aphunzitsi, inu vuto lanu ndi lodzera pageti. Pageti pamadutsa anthu a mataye. Ife eni katundu timadzera kuseri. Njira yakuseri ya dziko limenelo ili mbali iti?"

"Kulibe."

"Musandiseketse. Dziko lililonse lili ndi njira yakuseri. Mumangofunsa oweta mbuzi."

"Ndi madzi okhaokha, alamu. Kum'mawa madzi, kumadzulo madzi, mbali zonse."

"Mlatho?"

"Kulibe. Ndege basi, kapena sitima yapamadzi."

Anayang'ana njinga yake yamoto imene inatsamira pamtengo wa gwafa. Anaiyang'ana nthawi yaitali ndithu. Atayambanso kuyankhula, mawu ake anali atatsika.

"Ndiye mwanayu akadwala, ine ndidzera pati?"

Ndinati kumeneko kuli zipatala zabwino. Anati sanafunse za zipatala. Kenako anandikumbutsa za bambo wina wa m'mudzimo amene mkazi wake atamwalira anatenga ana n'kupita nawo kumigodi, akuti kwa miyezi yochepa chabe. Anakwatira komweko. Anawo anadzabwera ali ndi ndevu, akufunsa m'Chibemba kuti manda a mayi awo ndi ati.

"Ndipo kumigodi kuli basi," anatero. "Munthu ukhoza kugulitsa mbuzi n'kukwera, n'kukagogoda. Uko mukunenako kulibe ngakhale basi. Sindikuti ndinu munthu woipa, alamu. Ndinu wachinyamata. Ndi zokhazo."

Mphunzitsi akasowa chonena amapitiriza phunziro, ndiye ndinangopitiriza kutchula zotsalazo ngati kuti palibe chachitika. Ndinanena za umboni wa chodyera. Ndinanena kuti salola munthu kulowa ngati alibe tikiti yobwerera kwawo.

"Imani pomwepo. Bwerezani."

Ndinabwereza.

"Ndiye kuti mlendo asanakhale pansi, asanamwe ngakhale madzi, ayamba amufunsa tsiku lochoka?"

"Asanakwere n'komwe ndege."

"Amayi, mwamva mwano umenewo?" anafuula cha kunkhokwe. Apongozi sanatembenuke. Mlamu wanga anakanda chibwano, kenako nkhope yake inayamba kumasuka ngati ya munthu amene wapeza ndalama m'thumba la buluku lakale. "Ayi. Iyayi, si mwano. Anthu amenewa ndi anzeru. Nanga tsikulo likakwana inu osachoka?"

"Amakufunafuna, n'kukukweza ndege."

"Ndi mwana yemwe?"

"Ndi mwana yemwe."

"Eee! Ndiye tikuvutikiranji? Ankhoswe athu ndi amenewo! Ife kuno tikufuna mwana abwere, iwo uko akufuna mwana achoke. Mlamu wanga ali pakati ngati mbewa ya kuuna, uku khasu, uku utsi." Anaseka mpaka mpando unalira. Anafuna kuona tsiku lobwerera, ndipo nditamuonetsa pafoni anawerengetsa ndi mvula: tidzafika yoyamba itagwa, Khirisimasi isanakwane. Anati dziko limenelo likanakhala pafupi akanalipititsira tambala.

Nkhani ikanathera pomwepo. Koma namwino uja, amene nthawi yonseyi anali chete akudula zikhadabo, anayankhula osakweza mutu.

"Achimwene, tikiti imasinthika. Foni imodzi basi, tsiku lasuntha." Kenako anandiyang'ana. Maso ake ndi ofanana ndi a mkulu wake, ndipo sindinawazolowerebe. "Ndikunama, alamu?"

"Simukunama."

"Nanga masiku amene amakupatsani polowa?"

"Nawonso munthu akhoza kupempha kuti amuwonjezere."

Mlamu wanga anandiyang'ana ngati ndamuthira madzi ozizira kumsana.

"Inu alamu, muli mbali iti kodi? Ine ndikukumangirani mlatho, inu mukuzula mitengo yake. Sukulu imeneyi inakuonongani."

Pamenepo apongozi anaika lichero pansi n'kuitana mwana, ngakhale anali pambali pawo pomwepo.

Kale amene ankanyamula mawu pakati pa ine ndi apongozi anali mkazi wanga. Kuchokera pakhonde kufika pankhokwe ndi pafupi, aliyense amamva zimene mnzake wanena, komabe mawu amayenera kunyamulidwa. Iye ankawakonza panjira. Apongozi akati, "Uwauze amuna akowo kuti denga la khitchini silidzifolera lokha," iye ankafika kwa ine n'kugwada mwaulemu wonse n'kuti, "Amayi akuti mwanenepa, tauni ikukuyanjani." Tonse atatu tinkadziwa, ndipo denga ndinkafolera. Chimwalirireni iye, ine ndi apongozi tinali tisanatumizirane mawu ena kupatula moni.

"Pita ukawafunse atate ako," anatero apongozi, "kuti kuchilumbako azikakuphikira ndani."

Mwana anabwera chothamanga, n'kuima patsogolo panga manja ali kumbuyo ngati wa kwaya.

"Akuti aziphika ndani?"

"Ukawauze kuti ndine, monga ndimachitira masiku onse."

Anathamanga kubwerera. "Akuti aziphika okha. Koma amaphika mazira okhaokha."

"Sindinanene zimenezo," ndinatero, ndikuyang'ana mtengo wa gwafa.

"Wamthenga sakwapulidwa," anatero mlamu wanga.

"Ukawafunse ngati kumeneko kuli tchalitchi," anatero apongozi.

Kunali tchalitchi, ndinali nditafufuza kale. Mwana anakanena kuti lilipo, n'kuwonjezera yekha kuti lili m'madzi. Apongozi anafunsanso za tsitsi la mwanayo, ndipo ndinayankha kuti mayi mwini nyumba imene tikafikire analonjeza kutipezera woluka. Mafunso amenewa ndinkawayembekezera. Ndinayamba kumva ngati mayeso akuyenda bwino.

Kenako apongozi ananena motsitsa, akuyang'ana m'lichero:

"Ukawafunse kuti bwanji osakusiya kuno, iwo akaphunzire ndi mtima umodzi. Akadzabwera adzakupeza."

Ulendo uno mwana sanathamange. Anabwera akukoka mapazi, n'kudzatsamira pabondo langa.

"Akuti mundisiye."

Mayankho ndinali nawo, ndinawakonza m'minibasi. Kuti kumeneko kuli sukulu ya ana yabwino. Kuti akaphunzira Chingerezi, akaona nyanja, akaona dziko. Akanandifunsa mlamu wanga ndikanayankha zimenezo, ndipo zonse zinali zoona. Koma amene anaima patsogolo panga anali mwana wazaka zisanu, makoko a mtedza ali pamlomo, ndipo mawu oti anyamule anayenera kukhala omukwana m'manja. Ndinawerama n'kuyankhula motsitsa, kuti amve yekha.

"Ukawauze ambuya kuti chichokereni amako, sindinagonepo m'nyumba yopanda iwe. Sindikufuna kukayambira kudziko la eni."

Anandiyang'ana, n'kugwedeza mutu ngati munthu amene wamvetsa bwinobwino. Anayenda mpaka pakati pa bwalo, n'kuima, n'kukuwa ndi mawu ake onse:

"Ambuya! Akuti amaopa kugona okha!"

Mlamu wanga anatsetsereka pampando mpaka kukhala pansi.

"Mngoni!" ankatero akupukuta misozi. "Mngoni wa chishango ndi nthungo! Amene timamva kuti makolo ake anawoloka Zambezi! Mayo ine, nthiti zanga! Chaka chino ku mwambo wanu wa Ncwala ndikanena, akakulandeni chikopa chija mumavala kumutu!"

Namwino anabisa nkhope m'chitenje. Mayi wina amene ankadutsa ndi ndowa pamutu anaima kuti amve bwino. Ine ndinakhala chowongoka, manja pamaondo. Kukana sindikanatha, chifukwa mwanayo sananame, anangochotsa makoko.

Apongozi sanaseke mokweza. Ndinangoona, cha m'mbali mwa diso, mapewa awo akugwedezeka. Anatola lichero n'kupitiriza kuswa mtedza, ndipo tonse tinadikira. Nkhuku inabwera, inatola kamtedza, inapita. Kuseka kwa mlamu wanga kunazilala kokha.

"Bwera kuno," anatero apongozi kwa mwana. Anamupukuta pakamwa ndi nsonga ya chitenje. "Ukawauze atate ako kuti ifenso timaopa."

Mwana asananyamuke, anawonjezera:

"Ukawauze apite nawe. Koma pobwera asakatsikire ku Kapata. Masutikesi, fumbi la m'njira, zonse adzafikire nazo pano. Tulo toyamba mudzagone m'nyumba muno, nonse awiri."

Mwana anabwera akudumpha ndi mwendo umodzi.

"Akuti tipite! Akuti pobwera tidzagone kuno!"

Mawu oyamba aja anawataya panjira. Ndinali nditawamva ndekha.

"Ukawauze kuti ndamva, ndipo ndathokoza," ndinatero. Ndinatsika pampando, n'kunjuta, n'kuwomba m'manja cha kumbali kumene anakhala. Iwo anawomba kawiri, osatembenuka.

Mlamu wanga sanafune kuti nkhani ithe popanda mawu ake. Anaimirira, n'kukonza lamba, n'kulengeza kuti monga mwini mbumba wavomera, ndipo kuti tikiti ija isasunthe ngakhale ndi tsiku limodzi, apo ayi adzagulitsa njinga yamoto n'kugula bwato. Namwino anamufunsa ngati amadziwa kupalasa. Anati adzaphunzirira pachitsime.

Tinanyamuka nyengo yotentha itayamba. Basi ya ku Lusaka, kenako ndege ziwiri. Mwana anagona pafupifupi ulendo wonse, n'kudzuka ndege ikutsika, pamene pawindo panali madzi obiriwira okhaokha ndipo mtunda sunkaoneka. Anandifunsa ngati woyendetsa akudziwa kumene akupita. Ndinati akudziwa, ngakhale nanenso ndinali nditagwira mpando.

Pamalo olowera tinapeza mayi wina wa yunifolomu, wa imvi pang'ono, magalasi ali pamphuno. Anafunsa chilolezo chimene a pachilumba ananditumizira, ndinamupatsa. Anafunsa kumene tikagone, ndinamuonetsa. Makhadi achikasu anangowasuzumira. Tikiti yobwerera anaiwerenga bwinobwino, chala chili pa tsikulo. Kenako anayang'ana mwana, n'kufunsa za mayi ake.

Ndinatulutsa chikalata chija. Anachitambasula, anawerenga, n'kuchipindanso motsatira mizere yake yakale, mosamala, ngati mmene amapindira nsalu ya patebulo la kutchalitchi. Anandibwezera ndi manja awiri. Ndinamuthokoza mumtima.

Anasuzumira pansi n'kufunsa mwana m'Chingerezi kuti bambo awa ndi ndani.

"Adadi," anayankha mwana, modabwa kuti munthu wamkulu chonchi sadziwa.

Chidindo chinalira kawiri. Mwana anatambasula dzanja kuti amudindenso pachikhatho. Mayiyo anati zimenezo lamulo silimulola, koma anang'amba kapepala, anadindapo, n'kumupatsa.

Tinadutsa. Kutsogolo kunali zitseko zagalasi, ndipo kuseri kwake ndinkaona migwalangwa ikugwedezeka ndi anthu atanyamula zikwangwani za maina. Ndinkafuna kuima pang'ono, ndipume, ndione kuti tafikadi. Mwana anandikoka chala.

"Adadi, ndikufuna kukodza."

"Sungapirire mpaka tikafike kunyumba?"

"Iyayi. Panopa."

Tinasakasaka mpaka tinapeza. Anakana kulowa kwa amuna, akuti ndi wamkulu tsopano, ali ndi pasipoti. Anandipatsira kapepala kake kachidindo kuti ndimusungire, n'kukankha chitseko cha kwa akazi ndi manja onse awiri. Ine ndinaima panja ndi sutikesi, kachikwama kake kofiira kali paphewa, mapasipoti awiri m'manja, ndikumvetsera mmene ankafotokozera mayi wina wosamudziwa, m'Chinyanja, kuti sopo wa kuno akununkhira ngati maswiti.